Tails 7.0 yafulumira, koma malaputopu akale ayamba kutsalira

Ntchito yanga ndi yokonza makompyuta, ndipo mwa makasitomala anga muli atolankhani angapo ndi anthu a m'mabungwe omwe amasunga maina a mboni komanso madandaulo a anthu ochitiridwa nkhanza. Amenewa akandifunsa njira yogwirira ntchito osasiya mapazi pa kompyuta ya ku ofesi kapena yobwereka, ndimawaikira Tails pa fulashi. Ndiye Tails 7.0 itatuluka mu September 2025 ndinayenera kuiyesa ndekha ndisanauze munthu kuti asinthe.

Kwa amene simunaionepo, Tails ndi operating system (pulogalamu yoyendetsa kompyuta yonse, ngati Windows) yathunthu yomwe imakhala pa fulashi ya 8 GB kapena kuposa. Mumazika fulashiyo, kuyatsa kompyuta, n'kusankha kuti iyambire pamenepo. Windows ya mwini kompyutayo siikhudzidwa. Zonse zopita pa intaneti zimadutsa mu Tor, yomwe imaponya uthenga wanu m'makompyuta atatu osiyana usanafike komwe ukupita, ndipo mukathimitsa, zimene munachita zimafufutika. Ndi yaulere, ndipo mmene inalembedwera zili poyera kuti odziwa aziunika. Inatuluka koyamba mu 2009, koma dzina lake linamveka kwambiri zitadziwika kuti Edward Snowden, yemwe anaulula zinsinsi za ukazitape wa boma la America, ndi atolankhani omwe iye anawapatsa zikalata mu 2013 ankaigwiritsa ntchito.

Chimene munthu amayamba kuzindikira mu 7.0 ndi kuyamba msanga. Opanga ake anasintha njira yopanikizira mafayilo a pa fulashi, kuchoka ku xz kupita ku zstd, ndipo akuti pa makompyuta ambiri imapulumutsa masekondi 10 mpaka 15. Pa laputopu yanga ya ThinkPad ndinaonadi kusiyanako osafuna wotchi. Ena aziti masekondi 15 ndi chani, koma Tails ndi chinthu chimene umayatsa ndi kuthimitsa kambirimbiri pa tsiku, ndipo ndaona anthu akusiya kuigwiritsa ntchito chifukwa chotopa ndi kudikira basi. Amati "ndingotumiza kamodzi kokha pa Windows", n'kupezeka kuti kamodziko ndi kamene kanali koopsa. Pansi pake tsopano pali Debian 13 ndi GNOME 48, mapulogalamu omwe Tails imamangidwirapo, moti Wi-Fi ya malaputopu ena atsopano omwe kale ankavuta ikugwira bwinoko.

Mtengo wa liwirolo ndi umene wandidandaulitsa. Fayilo yake yakula ndi pafupifupi 10 peresenti, ikuyandikira 2 GB, ndipo kuchoka pa 6 kupita pa 7 sikuchitika kokha, muyenera kuikanso pamanja. Kwa munthu wogula bandulo ya sabata, nkhani imeneyi si yaing'ono. Chothandiza n'chakuti muli pulogalamu ya Tails Cloner: mmodzi akapanga dawunilodi, ena onse angathe kukopera kuchokera pa fulashi yake, ndipo mafayilo awo osungidwa satayika ngati asankha "upgrade". Umu ndi mmene ndimachitira kushopu. Koma kopererani kwa munthu amene mumamukhulupiriradi, chifukwa fulashi yoipitsidwa imapatsira zinzake.

Vuto lalikulu ndi RAM, memori yomwe kompyuta imagwiritsa ntchito ikakhala yoyaka. Kale 2 GB inali yokwanira, tsopano akufuna 3 GB. Amene mumagula malaputopu akaunjika mukudziwa kuti a 2 GB adakalipo ambiri, makamaka tating'onoting'ono tija timene ana asukulu amakonda. Ndinaiyesa pa kamodzi kotere. Inayaka ndithu, inandichenjeza za RAM, koma nditatsegula Tor Browser (yolowera pa intaneti) ndi LibreOffice (yolembera zikalata) pamodzi, mausi inayamba kudumphadumpha mpaka zonse zinaima. Makompyuta akale kwambiri a mtundu wa 32-bit anasiyidwa kale mu 2017, ndipo ma Mac okhala ndi purosesa yopangidwa ndi Apple, kuyambira M1, sagwira n'komwe. Ndikumvetsa kuti browser ya masiku ano imadya RAM mosaneneka ndipo gulu laling'ono silingasamale makina onse a padziko. Komabe munthu amene Tails imamuthandiza kwambiri nthawi zambiri ndi yemwe alibe ndalama yogulira laputopu ina. Ngati yanu ili ndi malo oonjezera RAM, onjezani ifike 4 GB, nkhani ithe.

Zina zimene ndimayamikira zinabwera kale mu 6.0, mu February 2024. Tails imakuchenjezani ikaona kuti fulashi yayamba kulephera kuwerenga kapena kulemba. Ndi mafulashi achinyengo amene adzaza m'misika, olembedwa 64 GB koma mkati muli zochepa, chenjezo limeneli lapulumutsa kale ntchito ya kasitomala wanga wina, yemwe anakopera mafayilo ake fulashiyo isanafe. Komanso sikirini ikakhala yokhoma, chipangizo chachilendo chozikidwa pa USB sichilandiridwa, choncho wina sangazike kanthu inu mutatuluka kukayankha foni.

Persistent Storage, gawo la fulashi lotsekedwa ndi mawu achinsinsi momwe mungasunge mafayilo, ndiyo mbali imene ndimathera nthawi yaitali kufotokozera anthu. Ndi yolimba, koma mukaiwala mawuwo palibe ofesi yomwe mungakadandauleko, ngakhale ine sindingakutsegulireni. Ndimalangiza mawu asanu kapena asanu ndi awiri osagwirizana, osati dzina la mwana ndi chaka chobadwa. Ndipo fulashi ikazulidwa mwadzidzidzi Tails ili mkati mogwira ntchito, imathima yokha n'kufufuta RAM. Zimenezi n'zabwino pa ngozi, koma doko la USB likakhala logwedera, laputopu ili pamiyendo, lipoti lanu losasungidwa lapita.

Mu September 2024 Tails inaphatikizana ndi Tor Project, bungwe lomwe limapanga Tor. Poyamba ndinkaopa kuti imezedwa, koma mpaka pano zotuluka zake zikubwera mwa nthawi zonse, ndipo anthu ake ochepa aja sakutayanso nthawi yambiri pa zosaka ndalama ndi kuyendetsa ofesi. Chimene sichinasinthe ndi ulesi wa Tor pa netiweki yofooka. Mavidiyo amadukaduka, masamba ena amakufunsani kusankha zithunzi za mabasi mobwerezabwereza, ndipo a mabanki ambiri amakana kapena kukayikira. Musayese kulipira mabilu pamenepo.

Kasitomala wina anandiuza monyadira kuti tsopano sangadziwike chifukwa Facebook yake amalowera pa Tails. Ndinamuuza kuti zili ngati kuvala chigoba kwinaku ukufuula dzina lako. Tails imabisa komwe muli ndi kompyuta yomwe mukugwiritsa ntchito, koma dzina limene mwalemba nokha, kalembedwe kanu, ndi chithunzi chojambulidwa pakhonde panu siingazibise. Muli pulogalamu ya Metadata Cleaner yochotsa zobisika m'zithunzi ndi m'zikalata, monga malo ndi mtundu wa foni, koma muyenera kukumbukira kuitsegula nokha musanatumize.

Pa ntchito ya tsiku ndi tsiku sindingaipereke kwa munthu, angadane nayo pasanathe sabata. Kwa mtolankhani wolandira zikalata, kapena wogwira ntchito pa kompyuta yomwe si yake, 7.0 ndi yabwino kuposa 6, bola makinawo akhale ndi 4 GB ndipo fulashi igulidwe m'sitolo yodalirika, ziwiri, kuti ina izikhala yosungira kopi.