Miyezi isanu ndi itatu ndikuzonda matimu a basketball ndi foni ndi tripod

Mu Malichi ndinagula tripod, choimikira cha miyendo itatu chija, pamodzi ndi kachopanira foni ndi power bank imodzi, n'cholinga choti ndizijambula masewero a matimu a makoleji omwe timu yathu ya basketball ikuyembekezeka kukumana nawo. Ndine wothandizira mphunzitsi wamkulu pa koleji ina kuno kuchigwa cha Shire, ndipo ntchito yozonda adani inagwera ine chifukwa ndine ndinali ndi laputopu. Patangotha milungu itatu ndinkauza aliyense kuti zida zimenezi zathetsa mavuto athu onse. Tsopano tili mu Novembala, ndajambula masewero 14, ndipo ena mwa mawu aja ndikufuna kuwabweza, ngakhale kuti sindikunong'oneza bondo kuti ndinagula.

Tripod payokha yapirira. Yakwera minibasi kuchoka pa Nchalo kupita ku Blantyre kangapo konse, kuwoloka Shire, kudutsa pa Thabwa ndi kukwera zitunda zija itapanikizidwa pansi pa mpando ndi katundu wa anthu, koma miyendo yake sinapindike ndipo zomangira zake zikugwirabe. Kachopanira foni ndiko kanafooka msanga, moti kuyambira mu Ogasiti ndimachita kukamangirira ndi mphira wa chubu cha njinga. Nthawi ya mwera, mu Juni ndi Julaye, mphepo inagwetsa chida chonsecho kamodzi, ndipo kuchokera tsiku limenelo ndimakoleka kathumba ka miyala pakati pa miyendo kuti chilemere. Za power bank palibe chonena, imagwira ntchito yake.

Chimene sindinachiganizire pogula ndi dzuwa lakwathu kuno. Mu Okutobala kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo foni yojambula kanema pabwalo la simenti lopanda denga imatentha mpaka kudzizimitsa yokha. Tsiku lina inandithawa pakati pa chigawo chachitatu, pamene timu yomwe ndinkaizonda inali itangosintha katchingidwe kake, chinthu chenicheni chomwe ndinayendera ulendo wonsewo. Panopa ndimachotsa chikuto cha foni, ndimaimangirira ambulera pamwamba, ndimatseka netiweki, ndipo sindiilumikiza ku power bank ikamajambula chifukwa kutchaja kumawonjezera moto. Malamulo a FIBA, bungwe loyendetsa basketball padziko lonse, amandithandizanso, popeza masewero ali ndi zigawo zinayi za mphindi 10, ndipo pali kupuma kwa mphindi 2 pakati pa zigawo ndi mphindi 15 pakatikati pa masewero. Nthawi zimenezo ndimasiya kujambula n'kuika foni pamthunzi. Kudula kanema motere kulinso ndi ubwino wina: memory card yokonzedwa mwa mtundu wa FAT32 silandira fayilo yoposa 4 GB, ndipo masewero amodzi, omwe ndi kuimaima konse amatenga ola ndi theka kapena kuposerapo, amadutsa malire amenewo mosavuta ukamajambula pa 1080p, mulingo wa chithunzi chooneka bwino kwambiri. Ine ndinatsikira pa 720p, ndipo manambala a pamajezi amawerengekabe.

Kujambula komwe ndinaphunzira mochedwa. Masewero atatu oyamba ndinkatsatira mpira ndi kamera ngati wojambula ukwati, n'kumakokera chithunzi pafupi wina akaponya bwino, ndipo nditafika kunyumba ndinapeza kuti ndili ndi kanema wosangalatsa koma wopanda ntchito. Wozonda safuna kuona yemwe ali ndi mpira yekha, afuna kuona anayi enawo: ndani akutchingira mnzake njira, ndani akuzembera kukona, ndani amachedwa kubwerera kumbuyo mpira ukatayika. Bwalo ndi la mamita 28 m'litali ndi 15 m'lifupi, choncho malo abwino ndi molunjika mzere wapakati, chapatali ndiponso pokwera. Pabwalo lina ndinabwereka desiki, pa lina ndinaimika tripod pachulu, anthu n'kumandiseka, koma kanema wa pachulu uja ndiye woposa onse omwe ndili nawo, chifukwa osewera onse khumi akuoneka nthawi imodzi.

Kunyumba ndimaonera pa VLC, pulogalamu yaulere yomwe imalola kuchepetsa liwiro la kanema, ndipo ukadina chilembo cha E umayendetsa chithunzi chimodzichimodzi. Apa ndi pamene zidazi zimabweza ndalama yake. Maso a munthu pabwalo amakopeka ndi basiketi yokongola, koma kanema wobwerezedwa katatu amaulula zizolowezi zomwe mwini wake sazidziwa, monga wosewera yemwe amadunditsa mpira ndi dzanja lamanzere kawiri kokha kenako n'kubwerera kumanja, kapena wamtali yemwe nthawi zonse amatembenukira phewa limodzimodzi akafuna kuponya.

Komabe kuona zambiri kunandilowetsa m'cholakwa chachikulu kuposa zonse za miyezi imeneyi. Mu Meyi ndinalemba lipoti la masamba asanu ndi awiri la timu ina ya kumtunda, lokhala ndi zojambula za kaseweredwe kawo konse, ndipo ndinaligawa kwa anyamata Lachinayi ndili wonyada kwambiri. Loweruka tinagonja moipa. Anyamata ankaoneka ngati akuwerenga m'mutu m'malo mosewera, aliyense akuchedwa ndi phazi limodzi. Tikubwerera, mphunzitsi wamkulu, munthu wosakonda kulankhula zambiri, anangoti, "Achimwene, mwana amene akuthamanga padzuwa sangasenze masamba asanu ndi awiri m'mutu." Kaputeni wathu naye anawonjeza mwaulemu kuti, "Akochi, muzingotiuza kuti nambala 7 uja tizimutani." Zinandiwawa, pakuti lipoti lija ndinalichezera usiku utatu, wina mwa iwo ndi tochi magetsi atazima, koma awiriwo ankanena zoona.

Kuyambira pamenepo lipoti langa ndi tsamba limodzi, ndipo wosewera aliyense wa adani ali ndi mizere yosaposa itatu: dzanja lomwe amadalira, malo omwe amakonda kuponyera, ndi chomwe ife tichite naye. Pa timu yonse ndimatsata mfundo zinayi zomwe katswiri wa ziwerengero wa ku America, Dean Oliver, anazitchula kuti ndizo zimapambanitsa masewero, zomwe ndi kuponya molondola, kusataya mpira, kutola mpira wobwerera ukaphonya, ndi kupeza ma free throw, mwayi woponya mosatchingidwa ukachitiridwa faulo. Iye anapatsa kuponya gawo lalikulu, 40 pa 100 alionse, kutaya mpira 25, kutola wobwerera 20, ndipo ma free throw 15. M'masewero a makoleji omwe ndaonera ine, ndikuona kuti kutaya mpira kumalemera kuposa pamenepo, chifukwa ndi ochepa omwe amaponya modalirika kuseri kwa mzere wa mapointi atatu, womwe uli pa mamita 6.75, ndipo mabasiketi ambiri amabwera pamene wina walanda mpira n'kuthamanga yekha. Chotero funso loyamba lomwe ndimafunsa kanema aliyense ndi lakuti: mwa otsogolera mpira awo, ndani amanjenjemera akapanikizidwa ndi anthu awiri asanawoloke mzere wapakati m'masekondi 8 omwe lamulo limalola? Lachiwiri ndi lakuti, wamtali wawo amachita mafaulo msanga kodi? Wosewera amatuluka akafikitsa mafaulo asanu, ndipo matimu ambiri a makoleji ali ndi wamtali mmodzi yekha wodalirika, moti kumulowerera mobwerezabwereza m'chigawo choyamba kumasintha masewero onse.

Ndiyenera kuchenjeza amene amaphunzira kuzonda pa YouTube monga ndinachitira ine. Zambiri zomwe zili kumeneko ndi za makoleji a ku America, kumene masewero a amuna a NCAA, bungwe la masewero a makolejiwo, ali ndi zigawo ziwiri za mphindi 20 ndi wotchi yopatsa timu masekondi 30 oti iponye mpira, pamene ife timatsata masekondi 24 a FIBA. Iwo alinso ndi makampani monga Synergy ndi Hudl omwe amawadulira kanema m'tizidutswa. Maganizo awo ndi othandiza, koma kuchuluka kwa zomwe amalemba n'kwa anthu omwe ali ndi aphunzitsi asanu ndi chipinda choonera kanema, osati ife amene timasonkhana pansi pa mtengo wa nimu kuzungulira laputopu imodzi.

Palinso zinthu zomwe kanema sangakuuze, ndipo zimenezi ndi zomwe zandichititsa kuti ndisamatumenso munthu wina kukajambula ine n'kutsala. Timu ya koleji imasintha ngati mtsinje wa Shire nthawi ya dzinja. Kanema wa mu Epulo amakhala atakalamba pofika Seputembala, chifukwa wina wamaliza maphunziro, wina ali pa mayeso, wina wabwerera kumudzi kukasaka fizi. Ndinakonzekeretsapo anyamata mlungu wathunthu kuti akatchinge mnyamata wina woponya patali, koma tsiku la masewero iye sanabwere n'komwe, ndipo amene anatizunza ndi wina yemwe mu kanema wanga anangokhala pabenchi. Tsopano ndimafika msanga kuti ndione akamatenthetsa thupi, ndani wamanga bondo, ndani akukangana ndi mnzake, ndipo zimenezi ndimalemba m'kabuku ndi pensulo.

Nyengo nayo imanamiza kanema. Timu yomwe ndinaijambula ku Blantyre tsiku la chiperoni inkapanikiza bwalo lonse kuyambira poyamba mpaka pomaliza, koma itatsikira kuno mu Okutobala inalefuka m'chigawo chachitatu, ndipo tinaipitirira pothamanga basi. Ndinayamba kukhulupirira kuti aliyense wochokera kumtunda adzatero, mpaka inabwera timu ina yomwe mphunzitsi wake ankasintha osewera pa mphindi zitatu zilizonse, anthu khumi onse n'kusewera, ndipo otopa tinali ife eni dzuwa.

Phindu lomwe sindinaliyembekezere linachokera ku mawu. Foni imatola bwino zomwe mphunzitsi wa adani akufuula, moti ukamvetsera kawiri katatu umadziwa kuti akatchula liwu lakuti, osewera ayamba zoni, pomwe aliyense amatchinga dera lake, akatchula lina, ayamba munthu ndi munthu. Titazindikira zimenezi tinadzifunsa kuti nanga ife akutimva angati, ndipo anyamata anaganiza zoti mayina a kaseweredwe kathu akhale m'Chisena, chomwe ambiri a iwo amalankhula koma alendo ochokera ku Zomba kapena ku Lilongwe sachitola msanga. Pa nkhani ya ulemu, sindijambula mobisa. Ndimayamba ndalonjera okonza masewero ndi aphunzitsi a mbali zonse ziwiri, ndipo mmodzi yekha ndi amene anakanapo, ine n'kupinda tripod yanga n'kulemba pamanja. Ena awiri anapempha kuti ndiwatumizire kanemayo, ndipo lero timasinthana.

Amene ali ndi foni yojambula bwino ndi laputopu, ngakhale yakale, agule tripod yolemerako, osati yopepuka yojambulira m'nyumba, ndipo kachopanira foni asankhe kachitsulo komanga ndi sikuluwu. Amene alibe nthawi yoonera kanema katatu ndi kumufinya mpaka atsale tsamba limodzi, ndalamayo agulire mipira. Ine kachopanira katsopano ndikakagula Loweruka likubwerali ku Limbe, popita kukaonera timu yomwe tikumana nayo kumapeto kwa mwezi, ndipo ambulera ndanyamula kale chifukwa kumtundako mvula yayamba.