Paini, spruce kapena Douglas fir: ndi uti woyenera kulowa m'kapu?

Kuno ku Scotland, Disembala akafika dzuwa limalowa 4 koloko isanakwane, ndipo manja amangofuna kapu yotentha. Mitengo yambiri imakhala itayoyoka masamba, yobiriwira n'kutsala ija ya masamba onga singano. Itatu mwa imeneyi ndamwapo tiyi wa masamba ake.

Scots pine ndiye wosavuta kumudziwa: masamba ake amamera awiriawiri, opindika pang'ono, ndipo khungwa lakumtunda ndi lofiirira. Fungo lake limandikumbutsa matabwa a ku Chikangawa. Koma pa kakomedwe ndiye pali vuto. Ulendo woyamba ndinawabwatitsa mphindi 20 ngati mmene timachitira ndi tiyi wa mandimu kwathu, zimene zinatuluka zinali zowawa, utomoni wokhawokha, kununkha ngati mankhwala okolopera. Masambawa safuna kubwata. Aduleni tizidutswa, thirani madzi amene angophulidwa kumene, vundikirani mphindi 10. Ngakhale mutero, paini amafunabe uchi ndi jinja kuti amweke.

Sitka spruce ali ponseponse m'nkhalango zobzala za kuno, koma m'nyengo yozizira masamba ake ndi olimba, amabaya zala. Ubwino wake uli pa nsonga zanthete zimene zimaphuka cha mu Meyi, zofewa, zowawasa ngati ndimu. Ine ndimazisanjikiza ndi shuga wabulauni m'botolo, nsonga, shuga, nsonga, shuga, mpaka kudzaza, n'kuliika pawindo masabata angapo. Shuga amasungunuka n'kukhala manyuchi, ndimasefa n'kusunga m'firiji. Masipuni awiri m'juwisi wa maapozi wotenthetsa, alendo safunsanso za tiyi. Vuto lake n'lakuti ngati simunathyole mu Meyi, basi, dikirani chaka chamawa. Pothyolapo siyani nsonga ya pamwamba penipeni ya kamtengo kakang'ono, ndi imene kamakulira.

Amene ndimamukonda ndi Douglas fir, chifukwa sasankha mwezi. Masamba ake ndi ofewa chaka chonse, ndipo mukawatikita ndi zala amanunkhira ngati manyumwa. Kwawo ndi kumadzulo kwa North America. Mbewu zake anabweretsa kuno ndi David Douglas, katswiri wa zomera wa ku Scone, mu 1827, ndipo ku nkhalango ya Hermitage pafupi ndi Dunkeld kuli ina yaitali yoti poiyang'ana khosi limachita kuwawa. Kadzanja kamodzi ka masamba pa makapu awiri kamakwana, shuga ngakhale osathira. Ndikafuna kudzisangalatsa ndimaponyamo kakhungu ka lalanje.

Koma pa Douglas fir pomwepa ndi pamene pali ngozi. Mtengo wa yew nawo uli ndi masamba ofewa, aphwatalala, ndipo ndi poizoni wakupha. Umapezeka kwambiri m'mabwalo a matchalitchi akale. Masamba ake ndi obiriwira moderapo, sanunkhira utomoni, ndipo waukazi umabereka tizipatso tofiira. Ine sindithyola ndisanaone zibalobalo pansi pa mtengo: za Douglas fir zili ndi timalilime ta nsonga zitatu totulukira m'mamba ake. Ndikapanda kuziona, ndimabwerako chimanjamanja.

Mtengo wa Khirisimasi wogula musauyese, yambiri amaipopera mankhwala kumunda. Amayi oyembekezera nawo aleke kaye zakumwazi. Botolo langa la spruce la chaka chino latsala theka, ndipo ndalibisa kuseri kwa majarini kuti ana asalione.