Seti ya mabuku anayi a mbiri ya malamulo, sayansi, zinenero ndi zolembalemba: ndaipatsa nyenyezi 4 pa 5

Onse anayi ndawamaliza nde ndati ndinene zomwe ndaona kuti amene akuganiza zooda adziwiretu. Mabukuwa analembedwa ndi akatswiri a pa yunivesite, si aja owerenga usiku umodzi nkuthana nawo ayi. Ngati mukungofuna kumva kuti wakuti anatulukira chakuti chaka chakuti musavutike kugula, zimenezo pa intaneti zangoti mbwee. Apa akukuonetsani mmene tinadziwira zinthu zomwe timati tikuzidziwa, umboni wake uli pati, anatsutsa ndani, komanso malo amene akatswiri eni akewo mpaka lero akukokanabe. Nyenyezi 4 ndapereka chifukwa cha chimenecho.

La malamulo ndi lomwe landigwira mtima kuposa onse. Limayamba ndi Hammurabi mfumu ya ku Babulo cha m'ma 1750 Yesu asanabadwe, chimwala chake chakuda chija anachipeza ku Susa mu 1901 ndipo pano chili ku Louvre ku Paris, chili ndi malamulo pafupifupi 282. Ambirife timangodziwa zija za diso kulipa diso basi. Koma wolemba amakukhazika pansi kuti uone malamulowo limodzi limodzi, mwachitsanzo mmisiri akamanga nyumba nkugwa nkupha mwini wake mmisiriyo aphedwe, ikapha mwana wa mwini nyumba ndiye aphedwe ndi mwana wa mmisiri, mwana woti sanagwire njerwa ngakhale imodzi. Ndipo diso kulipa diso lija silinali la aliyense, linkagwira ntchito ukavulaza munthu wapamwamba, ukaboola diso la munthu wamba unkangopereka siliva, la kapolo unkalipira theka la mtengo wake kwa mbuye wake. Kenako akubwera ndi funso lomwe linandiimitsa kaye, kodi oweruza ankagwiritsadi ntchito malamulowa? Mapale a milandu a nthawi imeneyo apezeka ambirimbiri koma pafupifupi onse satchula mwalawo nkomwe, nde akatswiri ena amati unali wongolengeza kuti mfumuyi ndi yachilungamo pamaso pa milungu ndi anthu, ena amati ayi oweruza ankaudziwa ngakhale sankaulemba m'zigamulo. Wolemba sathamangira kusankha mbali, amakuyalira zonse ziwiri kaye kenako nkunena komwe iye wapendekera ndi chifukwa chake. Ine malembedwe otere ndi amene ndimawafuna, akukutenga ngati munthu wamkulu woti utha kuganiza wekha.

Chaputala cha Magna Carta, chikalata chochepetsa mphamvu za mfumu ku England, nachonso chimodzimodzi. Mfumu John inavomera chikalatacho ku Runnymede mu June 1215, pofika August chaka chomwecho Papa Innocent III anali atachithetsa kale ndipo nkhondo inabuka. Chinapulumuka chifukwa anachitulutsanso mu 1216, 1217 ndi 1225, ndipo ulemu wonse womwe chili nawo lero anachikweza ndi maloya a m'zaka za m'ma 1600 ngati Edward Coke pamene ankalimbana ndi mafumu awo. Gawo la mfumu Justinian ndi malamulo a Aroma omwe anasonkhanitsidwa ku Constantinople mu 533 nkudzadzutsidwanso ku Bologna patapita zaka zoposa 500 ndi louma pang'ono, mayina achuluka, komabe limamveka.

La sayansi ndi lachiwiri. Ndinasangalala kuti sanayambire ku Ulaya ngati kuti kwina kulibe anthu oganiza, Ibn al-Haytham wa ku Cairo m'zaka za m'ma 1000 wapatsidwa malo okwanira, iye uja anaonetsa poyesa kuti timaona chifukwa kuwala kumalowa m'diso osati diso kutulutsa kuwala. Za Kepler, katswiri wa zakuthambo, nazo zakoma, munthu anavutika zaka ndi masamu a njira ya Mars pogwiritsa ntchito miyeso ya katswiri mnzake Tycho Brahe, masamu ake anaphonya ndi maminitsi 8 okha pomwe digiri imodzi ili ndi maminitsi 60, kanthu kochepetsetsa koti wina akanangoti aa ndi vuto la chida. Iye anakana, anakhulupirira miyeso kusiya zomwe anthu onse ankakhulupirira zoti mapulaneti amayenda mozungulira bwinobwino, mpaka mu 1609 anatulutsa zoti njira ya Mars ndi yobulungira motalika.

Koma pomwe bukuli laonetsa ukatswiri ndi pa dokotala Semmelweis. Ku chipatala cha ku Vienna amayi ankamwalira ndi matenda akangobereka, mu wodi ya madokotala ndi ophunzira pafupifupi mayi mmodzi pa 10 aliwonse, mu wodi ya azamba ochepa kwambiri kuposa pamenepo, mpaka amayi ankachonderera kuti asawagoneke kwa madokotala. Iye anaona kuti ophunzirawo amachokera kong'amba mitembo nkupita kukagwira amayi osasamba bwino, mu 1847 analamula kuti aliyense asambe m'manja ndi madzi a klorini, imfa zinatsika mpaka cha pa 2 pa 100. Nkhaniyi imakambidwa ngati ya ngwazi yomwe anzake ansanje anaikana basi. Bukuli silikana kuti anamulakwira, koma likuonjeza kuti iye anachedwa kulemba zomwe anapeza mpaka 1861, amene ankamutsutsa ankawalembera makalata owanyoza, ndiponso nthawi imeneyo Pasteur ndi Koch anali asanatsimikize za tizilombo toyambitsa matenda nde madokotala ankauzidwa kuti manja awo akupha anthu popanda wowafotokozera bwinobwino kuti akupha bwanji. Semmelweis anamwalira mu 1865 m'chipatala cha odwala misala. Zimandiwawa ndikaganiza amayi amene anapitirira kufa pa zaka zonse zimenezo.

La zinenero lili bwino koma lili ndi bowo. Ubwino wake choyamba, ukaliwerenga utachoka pa la malamulo umaona kuti nkhanizi nzolumikizana. William Jones amene mu 1786 ku Calcutta ananena kuti Sanskrit (chinenero chakale cha ku India), Chigiriki ndi Chilatini zinachokera ku chinenero chimodzi anali jaji, anaphunzira Sanskrit kuti aziwerenga yekha malamulo a Ahindu asamangodalira omasulira. Pamenepa mpomwe ndinaona phindu logula onse anayi limodzi. Ndinakondanso kuti pa Linear B, zilembo za pa mapale omwe Arthur Evans anafukula ku Knossos pa chilumba cha Crete mu 1900, sanangotamanda Michael Ventris yemwe anaziwerenga mu 1952 nkupeza kuti ndi Chigiriki chakalekale. Alice Kober akutchulidwa mokwanira, mayi amene chifukwa cha kusowa kwa mapepala nthawi ya nkhondo ankadula timakadi kuchokera ku mapepala akale nkumatisunga m'makatoni a ndudu, timakadi masauzande ambirimbiri, mpaka anaona mmene mawu a Linear B amasinthira kumapeto. Anamwalira mu 1950 kutatsala zaka ziwiri zokha kuti zilembozo ziwerengedwe. Ndipo mapalewo atawerengedwa sizinali ndakatulo ayi, anali kaundula wa nkhosa, mafuta ndi mawilo a magaleta.

Bowo lake ndi ili, zinenero za ku Africa zangopatsidwa timasamba towerengeka, za ku America ndi za zilumba za Pacific chimodzimodzi, pomwe za ku Ulaya zatenga pafupifupi buku lonse. Kontinenti yokhala ndi zinenero pafupifupi 2,000 siyoti muidutse chothamanga chonchi abale. Akanangolemba pachikuto kuti ndi mbiri ya zinenero za ku Ulaya ndi India sindikanadandaula, koma mutu ukulonjeza dziko lonse.

La zolembalemba ndi lomwe landitopetsa. Ziganizo zitalizitali, mawu ovuta pomwe mawu wamba akanakwana, nthawi zambiri wolemba akuyankha mapulofesa anzake m'malo molankhula ndi ife owerenga. Machaputala awiri okha ndi amene ndingabwerezenso, cha George Smith yemwe anadziphunzitsa yekha kuwerenga mapale a ku Nineve nkupeza nkhani ya chigumula ya Gilgamesh ku British Museum mu 1872, ndi cha Milman Parry yemwe pakati pa 1933 ndi 1935 anajambula mawu a oimba a ku Yugoslavia osadziwa kulemba koma oimba mizere masauzande pamtima, zomwe zinathandiza kumvetsa kuti ndakatulo zakale za Chigiriki za Homer zinachokera pakamwa zisanafike pa pepala. Chimenecho ndi chokoma zedi. Zotsalazo ndinangolimba mtima kuti ndimalize.

Za kapangidwe, ndinaoda a chikuto chofewa. Mapepala ndi abwino sabowoka ukalemba ndi pensulo, indekisi yakumapeto ndi yolongosoka umapeza dzina msangamsanga. Koma zilembo zamanotsi ndi zing'onozing'ono ngati nyerere ndipo manotsiwo anawaika kumapeto kwa buku osati pansi pa tsamba, nde chala chimodzi chimakhala kumbuyo nthawi zonse ukutembenuza uku ndi uku, pomwe m'mabuku otere manotsi ndi momwe muli umboni weniweni. Mapu ndi otuwa, malire ena saoneka. La malamulo poti ndi lonenepa guluu wake anayamba kumatuka pakati ndipo masamba angapo akufuna kuthothoka, ndinawalembera ogulitsa anayankha mwaulemu nkunditumizira lina, pamenepo ndiwayamikire. Ngati mukudziwa kuti muzilitsegula pafupipafupi ngati ophunzira kapena aphunzitsi, la malamulo ndi la sayansi tengani a chikuto cholimba, ndipo ngati akulola kugula limodzi limodzi la zolembalemba yambani mwalibwereka ku laibulale muone ngati malembedwe ake mungawapirire.