OpendTect, pulogalamu ya seismic, pa laputopu ya munthu wa mijigo

Ntchito yanga ndi yosaka madzi. Ndimayenda ndi mawaya, zikhomo zachitsulo ndi makina a resistivity (oyeza momwe nthaka imakanira magetsi kudutsa) m'midzi ya ku Namwera, Katuli, Chimwala mpaka ku Makanjira uko, kukaloza poti akumbe mjigo. Seismic, njira yojambula za pansi pa nthaka potumiza phokoso n'kumvera kubwerera kwake, ndinaiphunzira temu imodzi yokha ku Zomba, ya pa bolodi, ndipo mayeso atangotha inandichoka m'mutu. Chinandibweza kumeneko ndi nyanja yathu ya Malawi yomweyi. Mu 2005 asayansi anakweza makina obowola pa chombo cha Viphya, nakabowola pakati pa nyanja pomwe madzi ndi akuya mamita pafupifupi 590, ndipo analowa m'matope a pansi mamita ngati 380. Matopewo anaulula kuti pakati pa zaka 135,000 ndi 75,000 zapitazo kunkagwa zilala zoopsa zomwe zinatsitsa madzi a nyanja ndi mamita mazanamazana. Malo obowolawo anawasankha poyang'ana zithunzi za seismic. Funso lomwe linandisowetsa tulo linali loti, kodi amadziwa bwanji kuti mzere uwu wa pa chithunzi ndiwo dothi ili lomwe latuluka m'dzenje?

Vuto lake lili chonchi. Dzenje limayeza mamita, ngati msodzi wa ku Malembo akamatsitsa chingwe chomangirira mwala kuti adziwe kuya kwa madzi. Seismic siidziwa mita. Ili ngati mnyamata wokuwa kuyang'ana phiri n'kumawerenga nthawi yomwe mawu ake atenge kuti abwerere. Phokoso limayenda m'madzi mamita pafupifupi 1,500 pa sekondi, ndiye pa malo a mamita 590 aja, kupita ndi kubwera ndi masekondi 0.8. M'madzi masamu ndi osavuta. Koma likalowa m'dothi, mu mchenga, mu mwala, liwiro limasinthasintha, ndipo kuti chingwe cha msodzi chigwirizane ndi mawu a mnyamata pamafunika ntchito yomwe eni ake amaitcha well tie.

Mapulogalamu omwe makampani a mafuta amagwiritsa ntchito mitengo yake si ya munthu wodya za mijigo. Ndiye ndinatenga OpendTect, yopangidwa ndi dGB Earth Sciences a ku Netherlands, yomwe gawo lake lalikulu ndi laulere ndipo imayenda pa Windows, Linux ndi Mac. Zowonjezera zina n'zolipira, koma well tie ili m'gawo laulere. Ndakhala nayo masabata atatu tsopano, usiku uliwonse ana akagona.

Choyamba chomwe ndingaiyamikire si batani lililonse ayi, koma kuti amakupatsa data yeniyeni yophunzirira. Ndi ya F3, chigawo cha m'nyanja ya North Sea kumbali ya Netherlands: seismic ya 3D yojambulidwa mu 1987, pamodzi ndi zitsime zinayi zofufuzira mafuta ndi gasi, F02-1, F03-2, F03-4 ndi F06-1. Kuitsitsa pa intaneti kunandidyera bandulo, ndipo ndinachita kudikira pakati pa usiku netiweki ikapepuka. Koma kwa ife kuno, komwe seismic ya m'dziko mwathu suipeza pa msika ngati usipa, imeneyi ndi mphatso.

Kachitidwe kake ndinakakonda chifukwa sikabisa kanthu. Umasankha chitsime, kenako malogi awiri, ndiye kuti miyezo yotengedwa motsika m'chitsimemo: sonic, yomwe imanena nthawi yomwe phokoso limatenga kudutsa mwala, ndi density, kulemera kwa mwalawo. Pulogalamu imachulukitsa liwiro ndi kulemera n'kupeza impedance. Pomwe impedance yasintha mwadzidzidzi, monga dongo likakumana ndi mchenga wolimba, mpamene phokoso limabwerera. Malo amenewo imawaveka wavelet (kafunde kakafupi koimira phokoso lotumizidwa pansi), kaya yongopanga ndi masamu yotchedwa Ricker kapena yotengedwa mu seismic momwemo, ndipo pamatuluka synthetic, ndiye kuti seismic yongoyerekeza yochokera m'chitsime. Imaiika pambali pa seismic yeniyeni, ngati telala akayala nsalu ziwiri za mizeremizere pa tebulo kuti aone ngati mizere ikumana pa msoko.

Yanga sinakumane. Masiku awiri athunthu.

Mlandu unali wanga. Ndinati ndisadalire zitsime zoikidwa kale, ndilowetse ndekha mafayilo a LAS, osungamo malogi, kuti dzanja lizolowere. Pofika pomwe imafunsa muyezo wa sonic ndinangodina mothamanga, phazi ndi mita n'kusinthana. Zimaoneka zazing'ono, koma taonani: mamaikulosekondi 100 pa phazi limodzi ndi liwiro la mamita 3,048 pa sekondi, mwala wabwinobwino. Nambala yomweyo ukaiwerenga ngati ya pa mita, liwiro likhala 10,000, lomwe ngakhale mwala wa m'phiri la Mangochi sulifika. Popeza nthawi ndinkaiwerengetsa kuchokera mu sonic yomweyo, checkshot (nthawi yoyezedwa mwachindunji potsitsa chomvera phokoso m'chitsime) ndisanailowetse, synthetic yanga inasiyana kutalika ndi seismic katatu n'kanthu. Ndinasintha wavelet, ndinatembenuza polarity (kuti funde lokwera likhale lotsika), ndinafika poganiza kuti laputopu yapenga ndi kutentha. Tsiku lachitatu m'mawa ndinatsegula fayilo ija ngati kalata wamba, n'kuwerenga mutu wake mzere ndi mzere. Muyezo unali pomwepo, wolembedwa poyera, pafupi ndi -999.25 ija yomwe imaimira malo opanda muyezo. Ndinaseka ndekha mpaka mayi a kunyumba anasuzumira kudzafunsa ngati ndili bwinobwino.

Nditakonza zimenezo ndi kulowetsa checkshot, mizere ikuluikulu inayamba kuyandikana. Apa mpamene pali gawo lokoma, komanso lomwe ndimaliopa.

Pulogalamuyi imakulola kudina mzere pa synthetic, kudina mnzake pa seismic, n'kuiuza kuti awiriwa ndi amodzi. Yokha imakoka kapena kufinya zapakati. N'zosavuta moti mwana wa sitandade 5 angachite. Palinso nambala ya correlation, yomwe ikayandikira 1 ndiye kuti zikufanana kwambiri. Usiku wina ndinagwidwa nayo ngati bawo. Ndinayamba pa 0.5, ndikudina apa, ndikudina apo, nambala ikukwera, mtima ukukoma, mpaka ndinadutsa 0.8. Synthetic ndinaikoka ngati mphira ya legeni. Kenako ndinati ndione liwiro lomwe kukoka kwangako kwabala. Pa chigawo china dongo lokwiririka pafupifupi kilomita pansi linkayendetsa phokoso pang'onopang'ono kuposa madzi. Dongo lotero kulibe. Ndinali nditalumikiza mizere yosabadwa pamodzi, ndipo chithunzi chinkaoneka chokongola kuposa choona. Ndinafufuta zonse n'kuyambiranso: kusuntha synthetic yonse pamodzi kaye, kenako mfundo ziwiri zokha pa mizere yomwe ndinali nayo chikhulupiriro. Nambala inatsika, koma liwiro linakhala la miyala yomwe ilipodi. Kusuntha konse pamodzi kuja n'kofunika chifukwa chitsime chimayamba kuwerenga mamita pa nsanja ya makina obowola, pomwe seismic imayambira pa datum yake, mlingo womwe anausankha kuti ukhale ziro. Kwa ife a kunyanja nkhaniyi ndi yaikulu, poti madzi a nyanja yathu ali mamita pafupifupi 474 pamwamba pa nyanja yamchere, ndipo ukasokoneza poyambira, zonse zapansi zimatsatira kusokonekerako.

China chomwe F3 inandiphunzitsa n'chakuti ngakhale kwa azungu data imaperewera. Mwa zitsime zinayi zija, ziwiri zokha, F02-1 ndi F03-2, ndizo zinayezedwa density. Za zinazo anachita kuyerekeza ndi neural network (pulogalamu yophunzira kuchokera ku zitsanzo) kuchokera ku sonic ndi gamma ray, logi yoyeza cheza chachilengedwe chotuluka m'miyala. Njira yakale yodzazira mpata wotere ndi ya Gardner ya mu 1974, yomwe imati density ndi 0.31 kuchulukitsa ndi liwiro lokwezedwa ku mphamvu ya 0.25. Mu OpendTect ukhoza kulemba masamuwo wekha n'kupanga logi yatsopano, ndipo ndinayesa. Koma ndinaganizira matope a pansi pa nyanja yathu, omwe liwiro lake silisiyana kwenikweni ndi la madzi. Ukaika 1,500 mu Gardner umapeza density ya 1.9, pomwe matope odzaza madzi ngati phala ndi opepuka kwambiri kuposa pamenepo. Masamuwo anapangidwira miyala yomwe inagwirana kale, osati phala.

Kumapeto kwa sabata yachiwiri ndinanyamula laputopu kupita nayo ku sayiti ina kufupi ndi nyanja ya Malombe. Kapitawo wa makina obowola, bambo wachikulire yemwe wakumba mijigo ine ndisanayambe sukulu, anali atayala timilu ta dothi pansi monga mwa masiku onse, kamulu kamodzi pa mita iliyonse, mizere ya khumikhumi: kofiira, kotuwa, kamchenga, kenako konyowa. Ndinawaonetsa synthetic ija. Anayang'ana nthawi yaitali, akupukuta manja pa ovolosi.

“Ndiye achimwene, kameneka kangatiuze pomwe pali madzi?”

“Ayi bambo, pa mijigo yathuyi sikangathe.”

“Nanga mukukavutikiranji?”

Ndinalibe yankho lachangu, koma chifukwa chomwe sikangathe ndikuchidziwa. Logi ya m'chitsime cha mafuta imayeza pafupifupi masentimita 15 aliwonse. Seismic ndi yamaso akhungu poyerekeza: pa liwiro la mamita 2,000 pa sekondi ndi mafunde 40 pa sekondi (40 Hz), funde limodzi ndi lotalika mamita 50, ndipo chopyapyala kuposa kota yake, mamita 12 ndi theka, sichioneka pachokha. Mjigo wathu wonse ndi mamita 45 kapena 60, ndipo mng'alu womwe umapatsa mudzi madzi ukhoza kukhala wa mita imodzi. Komanso sonic ndi density pa mijigo ya kumudzi sitiyeza. Logi yathu ndi timilu tija ndi kope la kapitawo lolembamo mphindi zomwe paipi iliyonse yatenga kulowa. Choncho mnzanga wa mijigo amene akuganiza kuti pulogalamuyi imuchepetsera maenje ouma asataye bandulo yake. Si ntchito yake imeneyo.

Amene ndingamuuze kuti aitenge lero ndi wophunzira za miyala ku Zomba kapena ku MUST, ndi aliyense wogwira ntchito m'boma yemwe tsiku lina adzapatsidwa lipoti la kampani yofufuza mafuta kuti alivomereze. Ziphaso zofufuzira mafuta pa nyanja ya Malawi zinayamba kuperekedwa mu 2011, ndipo nkhaniyo imazima n'kuyakanso. Munthu yemwe anakokapo synthetic ndi dzanja lake mpaka kunamiza nambala adzadziwa kufunsa kuti checkshot ili kuti, mfundo zokokera zinali zingati, ndipo liwiro linatsala lotani.

Za makina, laputopu yanga ya RAM ya 8 GB imakwanitsa well tie popanda kudandaula. Ndikatsegula zenera la 3D ndi mizere yambiri, fani imalira ngati njinga yamoto ya kabaza ikukwera Chowe, ndipo ndi dzuwa la Okutobala kuno ndimachita kuikhazika pa njerwa ziwiri kuti mphepo izidutsa pansi. Mabuku ake ndi makanema ophunzitsira zonse n'zachingerezi cha akatswiri, ndiye amene sanaonepo mawu ngati impedance ayambe wawerenga kaye. Magetsi anandithimira kamodzi ndisanasunge time-depth model (mndandanda wogwirizanitsa nthawi ndi kuya) yomwe ndinaivutikira maola awiri, batire ya laputopu nayo inali itatheratu. Pano ndimasunga ndikangodina mfundo iliyonse, fayilo iliyonse ndi dzina lake ndi tsiku.

F02-1 ndamaliza, F03-2 ndili pakati. F03-4, ya density yongoyerekeza ija, ndaisungira Loweruka, ngati ku Katuli sakandiitana kuti makina afika.