Ndege ya maola awiri, katundu masabata atatu

Anzanga a kuno ku Joni, makamaka inu a kwathu ku Kasungu, ndimvereni kaye mtima usanandiphulike.

Mwezi watha amayi ku Chamama anawapeza ndi shuga, ndiye ndinawagulira kamakina koyezera ndi foni. Nthawi zonse ndimatumiza pa transipota wa basi, koma ulendo uno ndinkafuna zachangu. Mnzanga anandipatsa nambala ya ejenti wa pa WhatsApp, uja wakuti "zathu n'zapandege, bwana, mawa lomwe lino zafika". Kabokosi kosakwana makilo atatu anati R1,400. Ndinalipira osanenerera.

Ineyo ndegeyo ndinaikwerapo, pa maliro a malume. Kuchoka pa OR Tambo kukatera pa Kamuzu International Airport ku Lumbadzi ndi makilomita pafupifupi 1,500, ndipo yosaima pena sikwanitsa maola awiri ndi theka. Ngakhale wotchi susintha, nthawi ya kuno ndi ya kumudzi n'chimodzimodzi. Ukatuluka pabwalopo wagwa kale mu M1, kudutsa Mponela, Madisi, makilomita 100 kapena kupitirira pang'ono uli pa Kasungu boma. Tsiku limenelo tiyi ndinamwera ku Kempton Park, nsima yamadzulo ndinadyera pasiwa.

Ndiye mundiuze, kabokosi kanga kanali kuti masiku 21?

Sabata yoyamba akuti ndege yadzaza. Yachiwiri akuti katundu wagwidwa ku kasitomu, nditumize K45,000 ya msonkho. Ndinapempha risiti, anati "musadandaule, ibwera limodzi ndi katundu". Ndinatumiza, poti amayi amafunsa tsiku ndi tsiku. Sabata yachitatu mchemwali wanga anaimbiridwa foni kuti akatenge, osati ku Lumbadzi ayi, koma pa depoti mu Lilongwe. Anawononga thiransipoti kupita ndi kubwera, n'kupeza bokosi lophwanyika mbali imodzi, lofiira ndi fumbi, dzina lolembedwa ndi maka ngati zikapu zonse zam'trela. Ndege yake inali yodzera pa Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete! Komanso basi imatenga masiku awiri kapena atatu basi, kusonyeza kuti ena onsewo kanangokhala m'galaja mwa ejentiyo kudikira katundu achuluke. Nditamufunsa, anandibuloka. Risiti mpaka lero.

Zinthu zinali momwemo zonse, apo ndisaname, ndipo kamakinako kakugwira ntchito.

Wina akakuuzani kuti n'zapandege, ayeze katundu inu mukuona, akupatseni nambala ya air waybill (chikalata chosonyeza kuti katundu walandiridwa kuti apite pandege) ndi tsiku lonyamuka. Akayamba "tidzakutumizirani", nyamulani bokosi lanu. Za msonkho musatulutse kobiri popanda pepala. Kanthu kakang'ono ngati mankhwala kapena foni, bola kupempha wakwanu amene akukwera yekha, mumugulire fanta, mbale wanu akamudikire ku Lumbadzi.

Ine ndabwerera kwa mdala wanga wa basi. Amanena poyera kuti Lachinayi anyamuka, Lamlungu muimbe ku Kasungu, ndipo akachedwa pa boda amaimba yekha.