Mandala owerengera a pa msika wa Dedza: ayeseni musanatulutse ndalama

Anyamata ogulitsa mawotchi, mabatire ndi machaja pa msika wa Dedza boma, ngakhalenso ku Lizulu, ambiri amakhala ndi mandala owerengera atawakoloweka pa bolodi. Pa galasi pamakhala kapepala kolembedwa +1.00, +1.50, +2.00 mpaka +3.50. Mtengo wake ndi wotsika kwambiri poyerekeza ndi mandala opangitsa kwa oyeza maso. Kwa munthu amene wadutsa zaka 40, amene patali amaona bwinobwino koma uthenga wa Mpamba kapena vesi la m'Baibulo ayamba kuliwerenga atatambasula mkono, katunduyu ndi wothandiza ndipo ndalama yake siipita pachabe. Vuto ndi loti abwino ndi oipa amakolowekedwa pa bolodi limodzi, ndipo wogulitsa alibe makina owayezera. Kusankha ndi kwanu.

Tiyambe ndi nambala ija, chifukwa ambiri amaiona ngati saizi ya nsapato. Kuwala kumayenda ngati mafunde, pa liwiro la makilomita pafupifupi 300,000 pa sekondi. Kukalowa m'galasi kapena m'pulasitiki liwirolo limatsika kufika cha m'ma 200,000, ndipo kukalowa mopendekeka kumakhota. Galasi lokhuthala pakati ndi lopyapyala m'mbali limakhotetsa kuwala konse n'kukusonkhanitsa pamalo amodzi. Nambalayo imanena mtunda wa malowo: gawani 100 ndi nambala ya pa kapepala, mupeza masentimita. Galasi la +1.00 limasonkhanitsa kuwala kochokera kutali pa masentimita 100, la +2.00 pa 50, la +2.50 pa 40.

Diso nalo limachita zomwezo. Mphamvu yake yonse pa muyezo umenewu ndi pafupifupi 60, ndipo pafupifupi 43 mwa imeneyi ili pa kachikopa koonekera ka kutsogolo kwa diso, kamene sikasintha. Yotsalayo ili m'kagalasi kofewa ka mkati, kamene minofu imakatukumutsa munthu akamayang'ana pafupi. Mwana wa zaka 10 amaona bwino chinthu chimene chili masentimita 10 kuchokera pa diso. Kagalasiko kamalimba chaka ndi chaka, moti pofika zaka 60 malo apafupi oona bwino amakhala atasunthira cha pa mita imodzi. Si kulodzedwa, ndipo si foni yawononga maso. Mandala a pa bolodi amangobwezera mphamvu yochepa imene yatayikayo, basi.

Muyeso woyamba ndi wa nambala, popeza kapepala n'kongomata ndipo kamatha kumatidwa pa galasi lolakwika. Bwerekani tepi kwa telala. Gwirani mandala padzuwa moyang'anitsa katoni, muziwasendeza mpaka kadontho ka kuwala kachepe ndi kuthwa, kenako yezani kuchoka pa galasi kufika pa katoni. Ngati alembapo +2.00 koma mwapeza masentimita 35, amenewo ndi pafupifupi +3.00. Yezani galasi lililonse palokha; awiriwo ayenera kupereka mtunda umodzi. Musayang'ane dzuwa kudzera m'galasi, ndipo kadonthoko musakasiye pakhungu, kamatentha.

Wachiwiri umafuna kope la mizere. Gwirani galasi masentimita 10 pamwamba pa tsamba n'kumaliyendetsa uku ndi uku. Mizere iyende mosalala, mosemphana ndi kumene dzanja likupita. Ikamagwedera ngati chithunzi cha m'madzi, pulasitikiyo anaiumba molakwika. Kenako zunguzani galasilo ngati chiwongolero: mizere ikamapendekeka uku mukuzunguza, galasilo n'lopotoka. Amenewo abwezeni pa bolodi ngakhale akutsitsireni mtengo.

Wachitatu ndi umene anthu ambiri saudziwa, komatu ndi umene umaulula vuto lobweretsa mutu. Galasi lililonse lili ndi pakati pake, pamene kuwala kumadutsa osakhota, ndipo pamenepo payenera kuyang'anizana ndi mwana wa diso. Kwa akuluakulu, mtunda wa pakati pa ana a maso awiri umakhala cha m'ma mamilimita 63, koma ena 56, ena 70, ndipo powerenga umachepa ndi mamilimita ngati atatu chifukwa maso amayang'ana mkati. Mandala a pa msika amapangidwa pa muyezo umodzi wa anthu onse. Kuti mupeze pakati pa galasi, jambulani mtanda pa pepala, muuyang'ane kudzera m'galasi, muzisuntha mpaka mizere ya mkati ilumikizane ndi ya kunja kwa galasi, n'kuikapo kadontho ka maka. Chitani chimodzimodzi mbali inayo, muwavale, mnzanu aone ngati timadonthoto tili pa ana a maso pamene mukuyang'ana chala chake chapafupi. Vuto la kuphonyako limakula ndi mphamvu ya galasi: kuti adziwe kukula kwa vutolo, oyeza maso amachulukitsa masentimita ophonyawo ndi nambala ya galasi. Kuphonya ndi mamilimita atatu pa +1.00 kumapereka 0.3, zimene maso sazimva n'komwe. Pa +3.00 kumapereka 0.9 diso lililonse, ndipo minofu imagwira ntchito yokoka zithunzi ziwiri kuti zikhale chimodzi. Pakatha theka la ola, m'maso muli lemu, pachipumi pakuwawa. Maso amapirirako kuphonya kwa cham'mbali, koma kwa m'mwamba ndi m'munsi sapirira, ndiye chifukwa chake chimango chopendama, galasi lina pamwamba lina pansi, n'choipa kuposa chokalika. Ikani mandala pa tebulo losalala muone ngati akhala molingana.

Posankha mphamvu, cholakwa chofala ndi kuthamangira nambala yaikulu poti malemba akuoneka akuluakulu. Mandala a +3.50 amakukakamizani kugwira buku pa masentimita osafika 30, ndipo mukangolisuntha pang'ono malemba asowa. Tengani chinthu chimene mumachivutikira kwenikweni, kaya foni, buku la nyimbo, kapepala ka pa botolo la mankhwala opopera kachewere, kapena singano ndi ulusi. Chigwireni pa masentimita 35 mpaka 40, muyambe ndi nambala yaing'ono n'kumakwera, ndipo muime pa yoyamba imene yakuonetsani bwino. Kawirikawiri a zaka za m'ma 45 amakhutira ndi +1.00 kapena +1.25, a zaka 50 ndi +1.50 mpaka +2.00, a zaka 60 ndi +2.50. Wogwira ntchito pa kompyuta, imene imakhala masentimita 60 kapena 70, amafuna ofooka kuposa a telala. Ndipo yeserani pamthunzi, m'kati mwa okala ngati n'kotheka. Padzuwa mwana wa diso amachepa kufika mamilimita awiri kapena atatu, ndipo kabowo kakang'ono chotere kamabisa zolakwa za galasi lililonse. Madzulo m'nyumba amakula, ndiye mandala amene anaoneka abwino masana pa msika amaulula khalidwe lake lenileni.

Pa kulimba, musayembekezere zambiri. Ambiri ndi a pulasitiki yofewa yosachedwa kukalika, ndipo chimene chimawamaliza ndi kuwapukuta ndi nsonga ya chitenje kapena malaya ali ndi fumbi. Atsukeni ndi madzi ndi kadontho ka sopo kaye. Timasikuluwu ta m'mahinji timamasuka msanga. Muzitimanga nthawi ndi nthawi. Musawasiye pafupi ndi mbaula kapena kutsogolo m'galimoto padzuwa, chimango chimapindika. M'mawa wa Juni ndi Julaye, ndi kuzizira kwa kuno, amachita nkhungu mukangoweramira kapu ya tiyi, koma zimenezo amachita ngakhale odula.

Akuda a dzuwa amene amakolowekedwa pambali pake ndi nkhani ina. Diso limaona mafunde a kuwala otalika pakati pa ma nanomita pafupifupi 400 ndi 700 (nanomita ndi gawo limodzi mwa magawo miliyoni a milimita). Aafupi kuposa 400, amene amatchedwa UV, sitiwaona ngakhale amawononga diso. Kuda kwa galasi sikusonyeza kuti likutchinga mafunde amenewa, ndipo tepi ya telala pano singathandize. Galasi lakuda losatchinga UV limangokulitsa mwana wa diso, motero UV yambiri imalowa. Amenewa ndi bwino kugula kumene angakuyezereni.

Pali anthu amene bolodi limeneli silawo. Amene saona bwino patali koma pafupi amaona bwino amafuna galasi lobalalitsa kuwala, la nambala yoyamba ndi −, ndipo a + amangowonjezera vuto. Mwana wa sukulu asagulidwire mandala pa msika, ayezedwe. Woyendetsa galimoto kapena njinga yamoto pa M1 awavule asananyamuke, pakuti kwa munthu woona bwino patali, +2.00 imasokoneza chilichonse chopitirira theka la mita. Komanso mutavala amene mwasankhawo, tsekani diso limodzi muwerenge, kenako linalo. Ngati lina likuona bwino lina ayi, maso anu ndi osiyana mphamvu kapena pali vuto lina, ndipo magalasi awiri ofanana sangakonze zimenezo. Kuona ngati pali chifunga, kuthobwa ndi magetsi a galimoto usiku, ndi zizindikiro za ng'ala. Matenda a glaucoma amadya maso kuyambira m'mbali popanda ululu, ndipo munthu amatha kuwerenga bwino ndi mandala a pa msika matendawo akupitirira. Odwala shuga nawo amafunika kuunikidwa m'kati mwa diso chaka chilichonse. Otere ayambire ku chipatala cha boma cha Dedza kapena cha Ntcheu. Chipatala cha Nkhoma n'chodziwika pa ntchito ya maso, ndipo ku Lilongwe kuli cha Lions Sight First pa Kamuzu Central. Popita tengani mandala amene mwakhala mukuvalawo, kuti woyeza aone mphamvu imene maso anu anazolowera.