Ana a aphunzitsi: tiziwalipiritsa bwanji sukulu zikatsekera?

Amayi anzanga amene mumalera ana a anthu pakhomo panu, kaya muli ku Ulongwe, ku Tsangano, ku Furancungo kapena ku Moatize, mukudziwa kuti mwana wa aphunzitsi savuta. Amafika nthawi yake, Loweruka ndi Lamlungu amakhala kwawo, ndipo makolo ake amalandira pamwezi, kusiyana ndi ageni amene lero agulitsa, mawa ayi. Nkhani imavuta sukulu zikatsekera. Chaka cha sukulu kuno ku Mozambique chimayamba cha mu Febuluwale, chili ndi zigawo zitatu, ndipo mayeso akatha mu Disembala aphunzitsi amatenga mwana wawo n'kukhala naye mpaka Januwale kutha. Miyezi iwiri imeneyo inu mudya chiyani?

Njira yosavuta kugwirizana ndi yolipira patsiku. Mwana wabwera, alipira. Sanabwere, palibe kanthu. Aphunzitsi amaikonda, koma inu tawerengani masiku amene amathothoka: 3 Febuluwale, 7 Epulo, 1 Meyi, 25 Juni, 7 ndi 25 Sepitembala, 4 Okutobala, kenako 12 Okutobala tsiku la aphunzitsi, kuwonjezera tchuthi cha pakati pa zigawo ndi sabata imene agogo abwera kudzacheza. Ufa, soya, shuga ndi makala munagula powerengera ana onse. Ine njirayi ndimangoivomera kwa aphunzitsi amene ali kale ndi womulera mwana ndipo akufuna thandizo la apo ndi apo.

Ambiri timayamba ndi yolipira pamwezi, koma miyezi ya sukulu yokha. Imaoneka yachilungamo mpaka Disembala atakwana. Nthawi imeneyo mvula yagwa, kumunda kukufunika feteleza ndi aganyu opalira, chimanga pamsika chayamba kukwera, ana anu akufuna yunifolomu ndi makope, ndipo m'thumba simukulowa kalikonse. Palinso china chimene chimadanitsa anthu. Anamwino a kuchipatala akabwera mu Disembala kudzapempha malo a ana awo, muwakana kapena muwalandira? Mukawalandira, aphunzitsi adzabwera mu Febuluwale atabereka mwana wawo n'kupeza nyumba yadzaza, ndipo mbiri idzamveka sukulu yonse kuti munawataya. Mukawakana, ndiye kuti mwasungira munthu malo kwaulere miyezi iwiri.

Azimayi ena analimba mtima, amalipiritsa miyezi yonse 12, mwana abwere asabwere. Mfundo yawo ndi yomveka: aphunzitsi a m'boma amalandirabe malipiro awo pa tchuthi, ndipo munthu wa lendi salipira theka chifukwa choti wapita kumudzi kukadya Khirisimasi. Mumzinda wa Tete ndi ku Moatize, kumene makolo ambiri amagwira ntchito chaka chonse m'migodi ya malasha, m'mabanki ndi m'masitolo, njirayi imatheka, poti wokana akachoka wina amalowa. Kuno ku Angónia n'kosiyana. Pafupifupi aliyense ali ndi achibale pafupi, ndipo mukaumiriza, mwana amatumizidwa kwa agogo kapena amaitanitsa mtsikana wachibale, osabweranso. Komanso tinene zoona, gawo lina la ndalama zimene timalandira ndi la phala, nsima ndi sopo. Kulipiritsa phala limene mwana sanamwe ine mtima wanga sundilola.

Ndiye ine ndinakhazikika pa theka. Miyezi ya sukulu aphunzitsi amalipira mtengo wonse, ngakhale mwezi umene muli tchuthi chachifupi, koma Disembala ndi Januwale amalipira theka kuti malo akhale awo. Chimene chimawafewetsa mtima n'chakuti theka limenelo sapereka pachabe. Ana asukulu akatsekera, aphunzitsi ntchito imakhala isanathe. Amayang'anira mayeso, amachonga, amalemba zotsatira, amathandiza kulembetsa ana atsopano, ndipo sukulu isanatsegulidwe amaitanidwa kukakonza ntchito ya chaka. Masiku ngati amenewo ndimawauza kuti amubweretse mwana popanda kuwonjezera kanthu, bola andiuze dzulo lake kuti ndiphike zokwanira.

Tiyerekeze kuti mumalipiritsa mameticali 1,200 pamwezi. Miyezi 10 ya sukulu yokha ikupatsani 12,000 pachaka. Miyezi yonse 12 ndi 14,400. Njira ya theka ndi 13,200. Kusiyana kwake pachaka si kwakukulu, koma kumagwera pa miyezi imene ndalama imasowa kwambiri.

Ya theka ili ndi mng'ono wake amene ndikufuna mumuganizire bwino. M'malo modikira theka mu Disembala ndi Januwale, mumagawa 13,200 ija m'miyezi 10, n'kumalandira 1,320 pamwezi, pa tchuthi osapempha kanthu. Aphunzitsi ambiri amasankha imeneyi chifukwa nawonso Januwale amawapana, ndipo inu simuyenda kukalonjerera ngongole kwa munthu amene mwina ali kumudzi kwawo ku Macanga kapena wadutsa pa Calómuè kupita kwa achibale ku Dedza. Kuopsa kwake kuli m'manja mwanu. Ndalama yowonjezerayo, 120 pamwana pamwezi, imasungunuka mu mchere ndi mafuta osaiona. Ngati mungathe kuisiya pafoni, pa M-Pesa kapena e-Mola, osaikhudza, kapena kuiphatikiza n'kugula chimanga mu Meyi ndi Juni chikatsika mtengo, njirayi iposa zonse. Ngati mumadzidziwa kuti simusunga, khalani pa theka.

Pali nkhani ya nthawi yophunzitsira imene simuipeza kwa makolo ena. Sukulu zambiri zimalowa kawiri, ena m'mawa ena masana, ndiye aphunzitsi adzakufunsani kuti, "Mayi, mwana wanga amangokhala theka la tsiku, bwanji ndisalipire theka?" Musavomere msanga. Wam'mawa amatengedwa atadya nkhomaliro, wamasana amafika nthawi ya nkhomaliro, onse awiri amadya, ndipo dzuwa likafika paliwombo nyumba imadzaza. Ine ndimalipiritsa magawo awiri mwa atatu a mtengo wa tsiku lonse. Mukapeza wam'mawa ndi wamasana oti azisinthana pamphasa imodzi, mwapindula kuposa mwana mmodzi wa tsiku lonse. Ophunzitsa usiku akhale ndi mtengo wawo padera, chifukwa amenewo akukutengerani nthawi ya banja lanu.

Tsiku lolipira mulimange pa malipiro a pamwezi, ndipo mupereke masiku angapo achisomo poti nthawi zina ndalama zimachedwa kulowa kubanki, osati mwa kufuna kwawo. Koma musalole lonjezo loti adzalipira akalandira za maola owonjezera kapena malipiro a nambala 13, aja apadera a kamodzi pachaka, chifukwa zimenezo ngakhale eni akewo sadziwa tsiku lake.

Zonsezi zikambidwe mu Febuluwale, mwana asanagone tulo take toyamba pakhomo panu, ndipo zilembedwe m'kope, nonse musayine. Mulembemonso za kusamutsidwa, popeza aphunzitsi amatha kutumizidwa kusukulu ina chaka chili mkati. Akuuzeni kudakali mwezi wathunthu, ndipo ngati munasankha yogawa m'miyezi 10 ija, mugwirizaniretu ngati ma 120 amene anapereka kale adzabwezedwa kapena adzalowa m'malo mwa mwezi wotsanzikira.